Funso la sabata ino pa gulu lathu la masamu ku Mangochi: nambala ya 720,720

Aphunzitsi a ku Namwera: Mwaswera bwanji nonse. Funso la sabata ino nali. Pezani nambala yaying'ono kwambiri imene mungaigawe ndi 1, ndi 2, ndi 3, kumangokwera choncho mpaka 16, popanda chotsala. Musathamangire kufunsa foni. Tengani kope ndi pensulo, ndipo amene wapeza atiwonetse njira yake, osati yankho lokha.

Wa Fomu 4 ku Malindi: Aphunzitsi, si kungochulukitsa zonsezo basi? 1 × 2 × 3 mpaka 16. Ndayesa koma calculator yanga yadzaza.

Aphunzitsi a ku Namwera: Ukachulukitsa zonse upeza 20,922,789,888,000. Imeneyo imagawika ndi zonse 16 zija, sindikukana. Koma ndati yaying'ono kwambiri. Ganizanso.

Madamu a pa Boma: Mwaswera bwanji akuluakulu. Ili ndi funso la LCM (nambala yaying'ono kwambiri yogawika ndi zonse zomwe wapatsidwa), lomwe lija timaphunzitsa ana a Sitandade 6 ndi 7, kungoti pano lakula. Njira yake ndi kudzifunsa kuti nambala iliyonse ikufuna chiyani. 16 ikufuna ma 2 anayi, 2 × 2 × 2 × 2. Ukakhala nawo amenewo, ndiye kuti 2, 4 ndi 8 wathana nazo kale, sufunikanso kuziwerengera padera. 9 ikufuna ma 3 awiri, ndipo 3 ili momwemo. Kenako 5, 7, 11 ndi 13, zomwe ndi ma prime (nambala zogawika ndi 1 ndi izo zomwe basi), palibe china chingalowe m'malo mwake, ziyenera kubwera zokha. Zotsalazo zimapangika ndi zomwe tatola kale: 6 ndi 2 × 3, 10 ndi 2 × 5, 12 ndi 4 × 3, 14 ndi 2 × 7, 15 ndi 3 × 5. Ndiye tichulukitse 16 × 9 × 5 × 7 × 11 × 13. Yankho ndi 720,720.

Aphunzitsi a ku Namwera: Mwalasa Madamu. Mnyamata wa ku Malindi, taona kusiyana kwake. Yako ija ili m'matriliyoni, iyi sinafike ngakhale pa miliyoni imodzi.

Wa Fomu 4 ku Malindi: Koma tingadziwe bwanji kuti palibe ina yocheperapo?

Madamu a pa Boma: Yesa kuchotsapo chimodzi chokha. Ukachotsa 2 mmodzi, 16 sidzalowanso. Ukachotsa 3 mmodzi, 9 yakana. Ukachotsa 13, ndiye 13 yomweyo yakana. Palibe chomwe chili m'menemo mwaulere. N'chifukwa chake singachepe kuposa pamenepa.

Msungichuma wa ku Makawa: Pepani ndilowerere, ine masamu ndinasiyira kutali koma ndalama ndimawerenga tsiku ndi tsiku. Pa banki mkhonde yathu tilipo amayi 16. Ndiye mukutanthauza kuti m'bokosi mutakhala K720,720, tikhoza kugawana mofanana ngakhale ena atatuluka m'gulu?

Madamu a pa Boma: Eya mayi. Mukakhala 16 aliyense atenga K45,045. Mmodzi akatuluka, K48,048. Mukatsala 14, K51,480. Pa 13, K55,440. Pa 12, K60,060. Pa 11, K65,520. Mpaka kutsika pansi, sipatsala ngakhale tambala.

Msungichuma wa ku Makawa: Zodabwitsa. Nanga akabwera wina kuti tikhale 17? Chifukwa alipo mayi wina akupempha kulowa nawo chaka chamawa.

Aphunzitsi a ku Namwera: Pa 17 ndi pomwe imagonja koyamba. Aliyense atenga K42,395 ndipo patsala K5. Chifukwa chake n'chakuti 17 ndi prime ndipo mulibe mu zija tachulukitsa. Koma chodabwitsa n'chakuti pa 18 imabwereranso bwino, aliyense K40,040. Pa 19 yakana. Pa 20, 21 ndi 22 ikulola. Pa 24, 26, 28 ndi 30 ikulolanso. Pa 25 ikukana chifukwa 5 alimo mmodzi yekha, pa 27 ikukana chifukwa ma 3 alimo awiri okha.

Mwini boti ku Makanjira: Ine ndikungowerenga. Koma ndifunse mosabisa. Zimenezi zimathandiza chiyani? Ife tikabwera kunyanja ndi usipa timagulitsa, kuchotsa za mafuta a injini, zotsala timagawana ndi alovi monga tinagwirizana. Pakatsala ka K200 timagula mandasi nkhani yatha. Sindinaonepo munthu akusaka nambala yogawika ndi 13.

Madala a ku Monkey Bay: Achimwene a ku Makanjira, funso lanu ndi labwino ndipo ndi loyenera kuliyankha mofatsa. Ine ndinaphunzitsa masamu mpaka kupuma ntchito, ndipo ana ankandifunsa lomweli. Tayang'anani wotchi yanu. Chifukwa chiyani ola lili ndi mphindi 60, osati 50 kapena 100? Chifukwa 60 imagawika ndi 2, 3, 4, 5, 6, 10, 12, 15, 20 ndi 30. Mukhoza kunena theka la ola, kota ya ola, gawo limodzi mwa atatu, zonse zikutuluka mphindi zathunthu. Ola likanakhala la mphindi 100, kuligawa patatu kukanavuta. Anthu a ku Babulo wakale ankawerengera m'ma 60, ndipo ife tinatengera kwa iwo. Chimodzimodzi madigiri 360 omwe ali pa kampasi, amene oyendetsa sitima za panyanja yathuyi amagwiritsa ntchito. 360 ili ndi nambala 24 zoigawa bwino. Ndiye 720,720 ndi m'bale wake wa 60 ndi 360, kungoti iyo ndi yaikulu. Inuyo mwina simudzaifuna, koma abale akewo muli nawo pamkono.

Mwini boti ku Makanjira: Za wotchizo ndamva Madala. Pitirizani, ndikutsatira.

Mwalimu wa ku Katuli: Salaam aleikum nonse. Ndiwonjezerepo pa zomwe anena Madala. Kwa ife Asilamu nkhani yogawa mopanda chotsala si yamasewera, chifukwa imakhudza chuma cha masiye. Magawo okhazikika a cholowa ndi theka, gawo limodzi mwa anayi, limodzi mwa asanu ndi atatu, awiri mwa atatu, limodzi mwa atatu, ndi limodzi mwa asanu ndi limodzi. Kuti muwerengere onsewa pamodzi mumafuna nambala yomwe 2, 3, 4, 6 ndi 8 zimalowamo, ndipo yaying'ono kwambiri ndi 24. Ophunzira za cholowa amaidziwa bwino 24 imeneyi. Ndipo al-Khwarizmi, katswiri amene ankagwira ntchito ku Baghdad m'zaka za m'ma 800, yemwe buku lake linayala maziko a algebra, gawo lalikulu la bukulo analemba za kuwerengera cholowa. Ndiye zomwe achita Madamu pamwambapa ndi njira yomweyo yomwe imateteza mkazi wamasiye ndi ana kuti asaponderezedwe.

Madamu a pa Boma: Zikomo Mwalimu. Chitsanzo chimenechi ndikachigwiritsa ntchito m'kalasi, ana ambiri amene ndimaphunzitsa amapita ku madrasa masana.

Wa Fomu 4 ku Malindi: Ine chikundisangalatsa ndi maonekedwe ake. 720 kenako 720 kachiwiri. Zangochitika mwangozi kapena pali chifukwa?

Madala a ku Monkey Bay: Wayang'ana bwino mwanawe. Si ngozi. Pa zinthu zisanu ndi chimodzi zija, tenga zitatu zoyamba: 16 × 9 × 5 ndi 720. Tenga zitatu zotsala: 7 × 11 × 13 ndi 1,001. Tsono nambala iliyonse ya madijiti atatu ukaichulukitsa ndi 1,001 imadzilemba kawiri, chifukwa ukuichulukitsa ndi 1,000 n'kuiwonjezeranso kamodzi. 720,000 kuphatikiza 720. Yesa izi ndi anzako mawa. Uza mnzako asankhe nambala ya madijiti atatu osakuuza, ailembe kawiri. Tinene kuti wasankha 348, ndiye walemba 348,348. Muuze agawe ndi 7, apeza 49,764 popanda chotsala. Agawe ndi 11, apeza 4,524. Agawe ndi 13, nambala yake ija 348 yabwerera. Zimatheka ndi nambala iliyonse ya madijiti atatu.

Wa Fomu 4 ku Malindi: Ndayesa ndi 915 zatheka!

Aphunzitsi a ku Namwera: Tsopano tifike pa chomwe ndinasankhira funsoli. Kodi nambala zonse zomwe zimalowa bwino mu 720,720 zilipo zingati? Kuyambira 1 mpaka iyo yomwe.

Msungichuma wa ku Makawa: Mwina 50?

Wa Fomu 4 ku Malindi: Ndayamba kulemba awiriawiri, 1 ndi 720,720, 2 ndi 360,360, 3 ndi 240,240, koma zikuoneka kuti ndigona pompano.

Aphunzitsi a ku Namwera: Palibe chifukwa chozilemba zonse. Tiyambe ndi yaing'ono kuti njira ioneke. 12 ndi 2 × 2 × 3. Factor iliyonse ya 12, kutanthauza nambala yolowa bwino mu 12, imapangidwa posankha ma 2 angati ndi ma 3 angati. Ma 2 ukhoza kusatenga, kutenga mmodzi, kapena kutenga awiri: njira zitatu. 3 ukhoza kumutenga kapena kumusiya: njira ziwiri. 3 × 2 ndi 6, ndipo zoonadi 12 ili ndi ma factor 6, omwe ndi 1, 2, 3, 4, 6 ndi 12. Tibwere ku yathuyi. Ma 2 alipo anayi, ndiye njira ndi zisanu, poti kusatenga konse nakonso ndi njira. Ma 3 alipo awiri, njira zitatu. 5, 7, 11 ndi 13 aliyense njira ziwiri. 5 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2 ndi 240. Ma factor 240, ndipo sitinagawe ngakhale kamodzi. Ichi ndiye chimene ndimafuna ana athu azimvetsa. Ukaiphwanya nambala n'kuona ma prime omwe anaimanga, khalidwe lake lonse limaonekera pomwepo. Kukula kwake sikukuuza kanthu. 720,720 ndi 720,721 zayandikana, koma sizifanana ngakhale pang'ono.

Madala a ku Monkey Bay: Ndipo 240 imeneyo si yamasewera. Palibe nambala ina yochepera 720,720 yomwe ili ndi ma factor ofika 240. Nambala zoterezi, zomwe zimaposa zonse za m'mbuyo mwake pa kuchuluka kwa ma factor, akatswiri amazitcha highly composite numbers. Mndandanda wake umayamba 1, 2, 4, 6, 12, 24, 36, 48, 60, 120, 180, 240, 360, 720, 840. Mwaona kuti 24 ya Mwalimu ilimo, 60 ya pa wotchi ilimo, 360 ilimonso. Amene anazifufuza mozama ndi Srinivasa Ramanujan wa ku India. Anabadwa mu 1887 m'banja losauka, masamu ambiri anadziphunzitsa yekha, kenako anapita ku Cambridge, ku England, kukagwira ntchito ndi katswiri wa masamu G. H. Hardy. Kafukufuku wake wa nambala zimenezi anasindikizidwa mu 1915. Anamwalira mu 1920 ali ndi zaka 32 zokha. Ndimakonda kuwauza ana za munthu ameneyu chifukwa sanayambire pa sukulu ya zipangizo zambiri. Anayamba ndi sileti ndi makope.

Wa ku yunivesite, kwawo Chimwala: Moni makolo anga. Ndikufuna nditsutseko pang'ono. Ndaunika pa kompyuta, 997,920 nayo ili ndi ma factor 240. 831,600 chimodzimodzi. Ndiye 720,720 si yokha pansi pa miliyoni. Kodi sitikuikweza mopitirira?

Madala a ku Monkey Bay: Ukunena zoona kuti si yokha. Zilipo zisanu pansi pa miliyoni zomwe zili ndi 240: 720,720, 831,600, 942,480, 982,800 ndi 997,920. Koma m'ndandanda wa Ramanujan mumalowa yoyamba kufikapo, osati zobwera pambuyo kudzalingana nayo. Isanafike iyi, yomwe inkatsogola inali 665,280 ndi ma factor 224. Ndipo kuti upeze yoiposa uyenera kudumpha miliyoni, kufika pa 1,081,080, yomwe ili ndi 256. Onjezanso ichi: 997,920 yakoyo sigawika ndi 13, 831,600 nayonso ayi. Funso la Aphunzitsi a ku Namwera sizikanaliyankha.

Wa ku yunivesite, kwawo Chimwala: Pa 13 apo ndagwirizana nanu.

Madamu a pa Boma: Ine nkhawa yanga ndi ina. Zonsezi n'zokoma, koma pa mayeso a MSCE mwana safunsidwa za Ramanujan. Nthawi ya m'kalasi ndi yochepa, ana ndi ochuluka, silabasi ndi yaitali. Mphunzitsi akayamba nkhani zotere, mitu ina itsalira.

Aphunzitsi a ku Namwera: Madamu, apa sindigwirizana nanu kwenikweni. Mwana amene wamvetsa chifukwa chake 16 imameza 2, 4 ndi 8, ameneyo sadzavutikanso ndi kuphatikiza ma fraction, sadzavutika ndi HCF (factor yaikulu kwambiri yomwe nambala zingapo zili nayo limodzi), ndipo akafika pa factorisation ya mu algebra aona kuti ndi nkhani yomweyi yavala malaya ena. Amene timawataya ndi omwe analoweza njira osadziwa chifukwa chake. Mphindi khumi za funso lotere Lachisanu sizingaphe silabasi.

Madamu a pa Boma: Mphindi khumi ndivomera. Koma zikhale khumi zenizeni. Ndipo tisaiwale kuti alipo ana ofika Fomu 1 asakudziwa thebulo ya 7. Amenewo ayambe athandizidwa.

Aphunzitsi a ku Namwera: Pamenepo tili limodzi. Masewera a 1,001 aja angawathandize omwewo, chifukwa mwana amagawa ndi 7, 11 ndi 13 mwakufuna kwake, pofuna kuona ngati nambala yake ibwereradi.

Wa Fomu 4 ku Malindi: Aphunzitsi, mwati 720,721 ndi yosiyana. Ine ndikuganiza kuti ndi prime. Chifukwa ukaigawa ndi nambala iliyonse kuyambira 2 mpaka 16 patsala 1 nthawi zonse.

Wa ku yunivesite, kwawo Chimwala: Ganizo lako layamba bwino mng'ono wanga, koma silinafike kumapeto. Zomwe waonetsa n'zakuti palibe prime yaing'ono, kuyambira 2 mpaka 13, yomwe ingalowemo. Koma zikuluzikulu zilipo. 71 × 10,151 ndi 720,721. Chulukitsa uone. Ya m'munsi mwake nayonso si prime: 720,719 ndi 31 × 67 × 347.

Wa Fomu 4 ku Malindi: Ndiye munthu ayese mpaka pati kuti atsimikize kuti nambala ndi prime? Mpaka theka lake?

Wa ku yunivesite, kwawo Chimwala: Ayi, mpaka pa square root yake basi, nambala yomwe ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka nambalayo. Ma factor amayenda awiriawiri monga unayambira kulemba muja, wina wamng'ono wina wamkulu. 849 × 849 ndi 720,801, yomwe yadutsa kale. Ndiye ukayesa ma prime onse osapitirira 848 osapeza wolowa, watsimikiza. Apa 71 watipulumutsa msanga.

Madala a ku Monkey Bay: Pali chinthu chokongola chomwe chatuluka apa, musachidutse. 720,722 imagawika ndi 2. 720,723 imagawika ndi 3, chifukwa 720,720 imagawika ndi 3 ndipo tawonjezera 3. 720,724 ndi 4, 720,725 ndi 5, choncho mpaka 720,736 yomwe imagawika ndi 16. Kubwerera m'mbuyo n'chimodzimodzi, kuyambira 720,718 kutsika mpaka 720,704. Tsono mnyamata wa ku Chimwala watiwonetsa kuti ziwiri zoyandikana nayo zija nazonso si ma prime. Werengani: kuyambira 720,704 mpaka 720,736 ndi nambala 33 zondondozana popanda prime ngakhale imodzi. Ndipo njira yomweyi ikutiuza kuti mpata wopanda prime ukhoza kutalika monga tingafunire. Mukafuna wa nambala 1,000, yambirani pa nambala yogawika ndi zonse mpaka 1,001. Komabe ma prime satha, Euclid, katswiri wa masamu wa Chigiriki, anatsimikiza zimenezo zaka zoposa 2,000 zapitazo. Mipata imakula koma kutsogolo kumakhalabe ina.

Mwini boti ku Makanjira: Ichi chokha chandigwira mtima Madala. Satha zoona?

Madala a ku Monkey Bay: Satha achimwene. Mu Okutobala 2024 anapeza prime ya madijiti 41,024,320. Ndi 2 wochulukitsidwa yekha ka 136,279,841 kenako n'kuchotsapo 1. Ndipo umboni wa Euclid ukutiuza kuti kuseri kwa imeneyo kulinso zina.

Mwalimu wa ku Katuli: Nanga pali magulu ena omwe 720,720 imalowamo?

Aphunzitsi a ku Namwera: Alipo. Lakale kwambiri ndi lomwe analemba Nicomachus wa ku Gerasa, mzinda womwe lero uli m'dziko la Jordan, cha m'ma 100. Iye ankaphatikiza ma factor onse a nambala kupatula iyo yomwe. Zikakwana ndendende, nambalayo ndi perfect, monga 6 yomwe ndi 1 + 2 + 3, kapena 28 yomwe ndi 1 + 2 + 4 + 7 + 14. Zoterezi n'zosowa: pambuyo pa 28 pamabwera 496, kenako 8,128, kenako mpaka 33,550,336. Zikaperewera, nambalayo ndi deficient, monga 10, poti 1 + 2 + 5 ndi 8 basi. Zikapitirira ndi abundant, ndipo yoyamba ndi 12, poti 1 + 2 + 3 + 4 + 6 ndi 16. Yathuyi ndi abundant kwambiri. Ma factor ake 239 aja ukawaphatikiza amakwana 2,529,072, kuposa katatu ndi theka kukula kwa iyo mwini.

Msungichuma wa ku Makawa: Mwaphatikiza nambala 239 pa nthawi yochepa chonchi Aphunzitsi?

Aphunzitsi a ku Namwera: Ayi mayi, ma prime omwe aja ndiwo agwiranso ntchito. Pa ma 2 timaphatikiza 1 + 2 + 4 + 8 + 16, ndi 31. Pa ma 3, 1 + 3 + 9, ndi 13. Kenako 1 + 5, 1 + 7, 1 + 11 ndi 1 + 13, zomwe ndi 6, 8, 12 ndi 14. Tikachulukitsa 31 × 13 × 6 × 8 × 12 × 14 tipeza 3,249,792. Imeneyo ndi ma factor onse 240 pamodzi. Kuchotsapo 720,720 kutsala 2,529,072. Zimatheka chifukwa ukamasula mabulaketi amenewo, factor iliyonse imatuluka kamodzi kokha.

Madamu a pa Boma: Ndiwonjezere chaching'ono chomwe ana angachione okha. 720,720 si square (nambala yopezeka pochulukitsa nambala ndi iyo yomwe, monga 6 × 6), ndipo 240 ija ikuchitira umboni. Ma factor amayenda awiriawiri, ndiye chiwerengero chawo chimakhala even, kupatula pa square pomwe wina amakhala yekha pakati. 36 ili ndi ma factor 9, chifukwa 6 mnzake ndi 6 yemweyo.

Wa Fomu 4 ku Malindi: Ndikuona ngati ma abundant onse ndi even. 12, 18, 20, 24, 30. Ilipo ya odd?

Wa ku yunivesite, kwawo Chimwala: Ilipo koma ili patali. Ndikupatse poyambira: 2 sungamugwiritse ntchito, ndiye dalira ma 3 angapo, 5 ndi 7. Gwiritsa ntchito njira ya mabulaketi ija ya Aphunzitsi. Ili pansi pa 1,000.

Msungichuma wa ku Makawa: Pomwe mwanayo akuwerengera, ndifunsenso za mayi wa nambala 17 uja. Ndalama yogawika kuyambira 1 mpaka 17 ingakhale zingati?

Madamu a pa Boma: Muchulukitse 720,720 ndi 17 mayi, ndi K12,252,240. Imeneyo ikwaniranso pa 18. Mukafika 19 ndiye K232,792,560.

Msungichuma wa ku Makawa: Imeneyo bokosi lathu silinafikepo. Mayiyo timulandira ndithu, zotsala pogawana tizisiya m'thumba la zadzidzidzi monga timachitira.

Wa Fomu 4 ku Malindi: Ndayesa 3 × 3 × 5 × 7, ndi 315. Mabulaketi akupereka 13 × 6 × 8, ndi 624, kuchotsa 315 kutsala 309. Yaperewera pang'ono. Ndawonjezera 3 wina, 945. Tsopano ndi 40 × 6 × 8, ndi 1,920, kuchotsa 945 kutsala 975. Yapitirira ndi 30! Ndi imeneyi?

Aphunzitsi a ku Namwera: Ndi imeneyo, 945 ndiyo abundant yoyamba ya odd. Lolemba ukawaonetse anzako m'kalasi momwe waipezera, kuyambira pa 315 pomwe inaperewera paja.